Mawu Amene Ndinalankhula pa Maliro a Mng'ono Wanga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo nonse amene uthenga uno ukupezeni, kaya muli kumunda, kaya pamsika, kaya pa benchi ya kuchipatala mukudikira kuti aitane dzina lanu. Ine ndine Agnesi, ndimakhala kumapiri cha ku Dambe, ndipo ndimagulitsa mbatatesi pamsika wa pa Neno boma. Ndazengereza nthawi yaitali kulemba umboni uwu, chifukwa mbali zina za nkhaniyi ndimazikumbukira ngati maloto amene munthu amalota atatsamira mtengo masana. Koma zinachitikadi. Ndinamangidwa chifukwa cha mawu amene ndinalankhula pa maliro a mng'ono wanga, ndipo pambuyo pake mawu anandithera pakhosi kwa miyezi inayi yathunthu. Ndikufuna ndikuuzeni m'mene Mulungu ananditulutsira m'menemo.

Mng'ono wanga dzina lake anali Tereza. Anali ndi pakati pa mwana wake woyamba, ndipo poti mwamuna wake anali ku Joni kukafuna ntchito, ankakhala pakhomo pathu. Pakati pa mudzi wathu ndi njira yopita kuchipatala pali kamtsinje kamene m'chilimwe ana amangokadumpha, koma mvula ikagwa kumtunda kamasanduka chilombo. Tinadandaula zaka zambiri mpaka thandizo linabwera loti pamangidwe mlatho. Amene ankatsogolera komiti ya ntchitoyo anali a Lufeyo, bambo olemekezeka kwathu, eni golosale ya pamphambano. Mlatho unamangidwa, tinavina pa tsiku lotsegulira, koma mvula yoyamba yamphamvu itagwa unakokoloka wonse. Panangotsala zipilala ziwiri zitaima m'madzi ngati mano a nkhalamba.

Pali chinthu chimene ndiyenera kuulula pano, chifukwa popanda icho umboni wanga ukhala wopereweza. Amuna anga, a Yohane, anali mmodzi wa amene anagwira ganyu yotsitsa simenti ya mlathowo. Tsiku limenelo atabwera kunyumba anadya mwakachetechete, kenako anandiuza chapansipansi kuti matumba ena anatsitsidwa pamtsinje, koma ena anawakweza pa ngolo n'kukawasiya kuseri kwa nyumba ya a Lufeyo. Anamaliza ndi mawu akuti, “Amake Chifundo, izi zithere m'nyumba muno.” Ine ndinavomera. Ndinaona golosale ija ikukula, chipinda chatsopano chikumera kumbali kwake, ndipo ndinkadutsa pamenepo n'kupereka moni ngati sindikudziwa kanthu.

Tereza matenda anamuyamba m'mawa wina mkati mwa dzinja, kutatsala sabata imodzi kuti apite kukadikirira kuchipatala. Mvula inali itagwa kumtunda. Tinamuika pa machira, amuna anayi n'kunyamula, ife amayi tikutsata pambuyo ndi beseni ndi nsalu. Titafika pamtsinje tinapeza madzi adzaza mpaka m'magombe, ofiira, akunyamula zitsa ndi nthochi zathunthu. Nkhungu inali itatsika kwambiri moti tsidya linalo linkaoneka ndi kubisika, kuoneka ndi kubisika. Nthawi zina tinkamuona wa njinga yamoto amene tinamuimbira foni ataima tsidyalo, akutikodola ndi dzanja, kenako n'kuzimiririka ngati sanalipo.

Mwana anabadwira pagombe pomwepo, titatchinga ndi zitenje. Anali wamkazi, ndipo analira bwino. Koma magazi a Tereza sanasiye. Ndinamuika mutu pamiyendo panga, ndipo nthawi ndi nthawi ankatsegula maso n'kufunsa, “Achemwali, madzi aphwera?” Ine ndinkamuyankha kuti atsala pang'ono. Madzi anaphweradi dzuwa litapendeka, amuna anawoloka atagwirana mapewa, machira ali pamwamba pa mitu yawo. Koma tisanafike n'komwe pamsewu, Tereza anali atatisiya. Mwanayo tinamutcha Mphatso, ndipo kuchokera tsiku limenelo anakhala wanga.

Pa tsiku loika maliro kunabwera anthu ambiri. Atalankhula a kubanja ndi a mpingo, anapatsa mpata a Lufeyo kuti alankhule m'malo mwa komiti ya chitukuko. Anaima atavala jekete yakuda, n'kunena mofatsa kuti zonsezi n'chifuniro cha Mulungu, ndipo palibe munthu angatsutsane ndi mvula. Ine ndinali nditakhala pakati pa amayi, Mphatso ali m'manja. Sindikumbukira kuti ndinaimirira bwanji. Ndimangokumbukira kuti ndinamva mawu akuchokera patali, ndipo patapita kamphindi ndinazindikira kuti mawuwo anali anga.

“Bambo Lufeyo, Mulungu musamunamizire. Mulungu sanatenge simenti ya mlatho. Simenti ija ili m'khoma la golosale yanu, ndipo mng'ono wangayu wafera pamtsinje chifukwa cha khoma limenelo.”

Adzukulu amene anali atagwira makasu anangoima. Amayi anzanga anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi, wina n'kunditseka pakamwa ndi dzanja lake. A Lufeyo anangovala chipewa n'kuchoka mwambo usanathe.

Patapita masiku anayi, apolisi awiri anafika pakhomo m'mawa ndikuchapa matewera. Sanandichite nkhanza. Anati a Lufeyo akadandaula kuti ndinawanyoza pagulu ndiponso ndinafuna kuyambitsa chisokonezo pamaliro, choncho ndipite ndikayankhe. Ndinapereka Mphatso kwa apongozi anga manja anga akadali ndi thovu la sopo. Ndinakhala m'chitokosi masiku awiri. Munali kawindo kakang'ono pamwamba, ndipo ndinkangoyang'ana mitambo ikudutsa pamenepo umodziumodzi. Amayi ena amene ndinali nawo m'menemo anandifunsa chifukwa chimene ndinkagwedezera manja, ndipo m'pamene ndinaona kuti ndinkatonthoza mwana amene panalibe. Tsiku lachitatu ananditengera kukhoti, anandiwerengera mlandu, ndinaukana, ndipo anandipatsa belo.

Ndinkaganiza kuti kutuluka m'chitokosi ndiye kumasuka, koma kunja kunali kothina kuposa mkati. Akuluakulu a mpingo anandiitana n'kundiuza kuti ndinachititsa manyazi pamwambo, ndipo ndiyambe ndapuma kutsogolera nyimbo m'gulu la amayi kufikira mlandu utatha. Ndikafika pamjigo, macheza ankaduka ngati ulusi. Ena ankandigwira dzanja mobisa n'kunong'ona kuti ndinanena zoona, koma akaona munthu akubwera ankalisiya msanga dzanjalo. Kenako a Lufeyo anatuma uthenga kudzera kwa amalume anga. Anati ngati ndingaime pamsonkhano wa mudzi n'kunena kuti chisoni chinandisokoneza mutu ndipo zimene ndinanena zinali zabodza, iwo akachotsa mlandu.

Amuna anga anandichonderera kuti ndivomere. “Kapepeseni basi,” anatero atayang'ana pansi. “Mukapitiriza, afunsa kuti munazidziwa bwanji, ndipo dzina lotchulidwa likhala langa. Ananyamula matumba aja ndine. Tikamangidwa tonse awiri, anawa aleredwa ndi ndani?” Ndinadziwa kuti mantha awo sanali opanda pake.

M'mawa mwake Mphatso analira, ndipo nditatsegula pakamwa kuti ndimuimbire, panangotuluka mpweya. Ndinatsokomola, ndinamwa madzi ofunda, ndinayesanso, koma panalibe kanthu. Kuchipatala anandiunika kukhosi n'kunena kuti sakuonapo chotupa kapena bala lililonse. Adokotala anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti nthawi zina mtima ukasenza katundu wolemera, thupi limasankha lokha potsekera. Anandiuza kuti ndipume. Kukhoti anaimitsa mlandu kawiri chifukwa woimbidwa mlandu sankatha kulankhula.

Miyezi imeneyo ndinaiyenda ngati munthu woyenda pansi pa madzi. Mawu a anthu ankandifika mochedwa ndiponso mofewa, ngati akuchokera kuseri kwa phiri. Pamsika ndinkagulitsa ndi zala, kuloza mulu, kugwedeza mutu. Ndikamatsika m'mapiri m'mawa, nkhungu inkadzaza zigwa zonse moti nsonga za mapiri zinkaoneka ngati zikuyandama, ndipo ine ndinkamva ngati ndikuyandama nazo limodzi, wopanda dzina, wopanda kulemera. Kangapo ndikuwoloka pamtsinje paja, madzi ataphwera kale, ndinaona Tereza ataima tsidya linalo atavala duku lake lachikasu. Sankandiitana, sankalira, ankangondiyang'ana monga ankachitira tili ana akamadikira kuti ndimalize kutsuka mbale tikasewere. Ndikaphethira ndinkapeza kuti ndi chitsamba cha maluwa a kuthengo. Sindinkachita mantha. Chimene chinkandiwawa chinali choti ndinalibe mawu omufunsira ngati wandikhululukira kukhala chete kwanga koyamba kuja.

Tsiku lina ndinatopa. Tsiku la mlandu linali litayandikiranso, Mphatso anali atayamba kumwetulira, ndipo ndikamuyang'ana ndinkaona akukula ine ndili kundende. Ndinang'amba pepala m'kope la Chifundo, mwana wathu woyamba, n'kulembapo kuti ndikupepesa, zimene ndinanena sizinali zoona. Ndinalipinda n'kulimanga pa mfundo ya chitenje, ndipo ndinanyamuka kupita ku golosale ya a Lufeyo. Linali dzuwa la masana, msewu uli zii. Nditafika ndinaima pambali pa chipinda chatsopano chija, chimene anali atachipaka penti wobiriwira. Ndinatsamiritsa dzanja pakhoma kuti ndipume. Khomalo linali losalala, lolimba, lozizira ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Ndinaima pamenepo nthawi imene sindingaiwerenge, ndipo miyendo inakana kulowa pakhomo.

Ndinabwerera, koma sindinapite kunyumba. Kuseri kwa tchalitchi chathu kuli thanthwe lalikulu limene amayi amayanikapo ufa, ndipo ndinakagwada pamenepo. Pemphero langa linalibe mawu, koma mumtima ndinati, Ambuye, ngati ndinalakwa ndionetseni, ndikapepesa ndi mtima wonse. Koma ngati sindinalakwe, nditumizireni munthu, chifukwa ine ndekha ndatha. Thanthwelo linali lofunda, ndipo tulo tinandiba ndili chigwadire. Ndinalota Tereza akubwera ndi chikho cha madzi, atachigwira ndi manja awiri kuti asataye. Anandipatsa n'kunena kuti, “Imwani achemwali, ulendo ukadalipo.” Ndinadzuka dzuwa litasuntha pang'ono chabe, kukhosi kukumveka kozizira ngati ndamwadi madzi. Mawu sanabwere, koma pepala lija ndinaling'amba.

Tsiku la msika lotsatira, Mulungu anandiyankha kudzera mwa munthu amene sindikanamuganizira n'komwe. Panali agogo ena, a Disoni, amene ankagula mbatatesi kwa ine sabata iliyonse. Ankayenda ndi ndodo, ankakonda kunenerera mpaka munthu utatopa, ndipo kunena zoona ndikawaona akubwera mtima unkatsika. Tsiku limenelo sananenerere. Anakhala pa thumba langa la mbatatesi, anaika ndodo pakati pa miyendo, n'kundiuza kuti asanapume pantchito anali womasulira mawu m'khoti zaka zambiri.

“Mayi, za mlandu wanu ndamva,” anatero. “Ndifunse chinthu chimodzi. Zimene munanena zija, pali amene anaziona ndi maso, kapena ndi za m'maluwa?”

Ndinatenga chidutswa cha katoni n'kulembapo ndi khala kuti amuna anga ndiwo ananyamula matumba. Anawerenga n'kugwedeza mutu. Kenako anayamba kundifotokozera za mkulu wawo. Anati kale, dziko lino lisanasinthe, mkulu wawoyo ananena mawu ochepa odandaula m'tiyirumu, ndipo m'mawa mwake galimoto inamutenga. Anabwerako patapita zaka, tsitsi litayera, ndipo mpaka imfa yake sanalankhulenso mokweza ngakhale poitana nkhuku. “Nthawi imeneyo tinkayamba tayang'ana kumbuyo tisanatsokomole,” anatero a Disoni. “Ndiye anthu atatopa nazo anakhala pansi n'kulemba malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, kuti zimene zinaonekera akulu anga zisadzaonekerenso wina. Malamulo amenewo sanalembere a pa wailesi okha kapena andale okha ayi. Analemberanso inu wa mbatatesi.”

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabuku kakale kokulungidwa m'pepala la shuga. Kanali m'Chichewa, m'mbali mwake mutada ndi zala. Anandiwerengera pang'onopang'ono, msika ukusokosera mbali zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yonseyo mawu a munthu anandifika pafupi, omveka bwino. Anandifotokozera kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi maganizo ake ndi kuwalankhula, kuti woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litapeza umboni, kuti ali ndi ufulu womvedwa ndi woitana mboni zake, ndiponso kuti pamaso pa lamulo mwini golosale ndi wogulitsa pansi ndi ofanana. Koma anandichenjezanso atakweza chala. Anati ufulu umenewu si chilolezo chonamizira anthu, choncho ndikakaima m'khoti ndikanene zokhazo zimene ndikudziwa, osawonjezera ngakhale kambewu kamodzi chifukwa cha mkwiyo.

Tsiku lomwelo anandiperekeza, akutsimphina ndi ndodo yawo, ku kaofesi kena kumene kunali mayi wodziwa zamalamulo amene amathandiza anthu osauka mwaulere. Mayiyo anawerenga zonse zimene ndinalemba, anavomera kundiimira, ndipo anati akapempha khoti kuti lindilole kupereka umboni polemba. Koma ananena mosabisa kuti popanda amuna anga mlanduwo ukhala wolemera. Anawaimbira foni a Yohane ine ndili pomwepo. A Yohane anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha kuti sangathe, kenako anadula.

A Disoni anandibwereka kabuku kaja. Sindinawakakamize amuna anga, poti ndinalibenso mawu owakakamizira. Ndinkangokawerenga masana pakhonde, ndikamaliza n'kukasiya pampando. Tsiku lina ndikuchokera kotunga madzi sindinakapeze. Nditazungulira nyumba ndinawaona a Yohane atakhala kuseri kwa khola la mbuzi, kabuku kali m'manja, milomo ikugwedezeka pamene ankatsata mizere ndi chala. Ndinabwerera mwakachetechete. Madzulo ndinakapeza pampando pomwe paja.

Tsiku la mlandu litafika, a Yohane anadzuka m'mamawa n'kunena kuti akupita kumunda wa kudimba. Ndinamubereka Mphatso kumbuyo n'kukwera njinga yamoto ndekha. Njira yonse inali mu nkhungu, mitengo ikutulukira mwadzidzidzi n'kubwereranso m'mbuyo, ndipo ndinkamva ngati sitikuyenda koma dziko ndilo likutidutsa. M'khoti munadzaza anthu a kwathu. A Disoni anali pa benchi yakutsogolo, chibwano chili pa ndodo. Woweruza anali mayi wa magalasi, wochokera kutali, wolankhula mosathamanga. A Lufeyo anapereka umboni wawo, anati ndinawachotsera ulemu umene anaumanga zaka zambiri, ndipo anthu awiri anawaikira kumbuyo. Malata a padenga anayamba kulira tetete ndi dzuwa, ndipo ine ndinkangomva zimenezo.

Kenako anaitana dzina langa. Ndinapereka mwana kwa apongozi n'kukaima m'kabokosi, pepala ndi cholembera zili patsogolo panga. Woweruza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, “Mayi, musaope. Khoti lino lili ndi nthawi yokumverani.” Nditangogwira cholembera, chitseko chakumbuyo chinalira. Analowa a Yohane, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, matope ali mpaka m'mawondo. Anali atayenda wapansi kuchokera kumudzi. Anaima pakhomopo akupuma mwamphamvu, anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu kamodzi kokha.

Abale anga, sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji. Ndinamva ngati mfundo imene inamangidwa pansi pa khosi langa yagwidwa ndi zala zofewa n'kumasulidwa. Poyamba panatuluka kaphokoso kokhakhala, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa dzinja lonse. Kenako ndinati, “Dzina langa ndine Agnesi.” Apongozi anga anakuwa, anthu anayamba kung'ung'udza, wapolisi wa m'khoti anachita kuwaletsa. Ndinaika cholembera pansi n'kufotokoza zonse ndi pakamwa panga, za mlatho, za machira, za duku lachikasu, za funso la Tereza loti madzi aphwera. Ndinanenanso kuti za simenti sindinaone ndi maso anga, ndinauzidwa ndi amuna anga, ndipo ndinakhala nazo chete kufikira zitapha munthu.

Mayi wondiimira uja anapempha kuti a Yohane alowe ngati mboni, ndipo khoti linalola. Munthu amene pa zaka zonse za ukwati wathu sindinamumvepo akulankhula pagulu anaima chilili, atagwira chipewa ndi manja awiri. Anatchula tsiku, anatchula mwini ngolo, anafotokoza pamene anasanja matumbawo. Atafunsidwa chifukwa chimene sananenere kale, anayankha kuti, “Ndinkaopa, bwana. Ndinkati ndikuteteza ana anga. Koma mantha angawo anatenga mlamu wanga, ndipo anatsala pang'ono kutenga akazi anga. Ngati pali chilango cha kunyamula kuja, ndilandira.”

Chigamulo chinaperekedwa patapita masabata awiri. Sindingabwereze mawu onse a woweruza, chifukwa ena anali a chilamulo. Koma chimene ndinagwira n'chakuti mlatho ndi chinthu cha anthu onse, ndipo nzika ili ndi ufulu wofunsa ndi kudandaula za chinthu cha anthu onse, ngakhale wofunsidwayo akhale wamkulu. Anati mawu anga anali owawa, koma kuwawa kwa mawu pakokha si mlandu, poti sindinamenye munthu, sindinauze anthu kuti achite chiwawa, ndipo ndinali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira zimene ndinanena. Anati malamulo aakulu a dziko lino amateteza kulankhula kotere. Anandipeza wosalakwa, ndipo anati nkhani ya simenti aifufuze amene ntchito yawo ndi yofufuza. Ndinamva ndodo ya a Disoni ikugogoda pansi katatu. Nditatuluka panja dzuwa linali lowala moti ndinaphimba maso, ndipo ndinaimba nyimbo yoyamika pabwalo la khoti pomwepo, mawu akunjenjemera ngati a mwana wa mbuzi.

Sindikufuna ndikunamizeni kuti zonse zinakhala bwino tsiku limodzi. Tereza sanabwerere. Amuna anga anaitanidwa kangapo kukafunsidwa, ngakhale kuti pamapeto pake anawatenga ngati mboni chabe. Nkhani ya a Lufeyo ikadali m'manja mwa ofufuza, ndipo sindidziwa kuti idzatha bwanji. Ndimawapempherera, ngakhale masiku ena pempherolo limatuluka movutikira. Alipo achibale awo amene mpaka lero sandiyankha moni. Koma akuluakulu a mpingo anabwera kunyumba, anakhala pamphasa, ndipo mmodzi wa iwo ananena kuti anafulumira kundiweruza. Ndinabwerera m'gulu la amayi. Anthu a m'mudzi anachita msonkhano, anasankha komiti yatsopano ya mlatho, ndipo mwa osankhidwawo munali ine.

Apa m'pamene Mulungu anandiphunzitsa phunziro limene sindinaliyembekezere. Mwezi wathawu tinali ndi msonkhano pamtsinje, pamene ntchito ya mlatho watsopano yafika pa maziko. Ndili mkati mofotokoza za mchenga, mayi wina, a Nabanda, anaimirira osapempha n'komwe mpata. “Inu a Agnesi,” anatero mokweza, “chilowereni m'komiti mwayamba kudzimva. Mchenga tikututa ndife, inu mumangoima pamthunzi n'kumaloza ndi chala. Kodi mutu wanu unasiya kusenza ndowa liti?” Anthu anaseka, ena anati akhale pansi, ndipo mayi amene anali pafupi nawo anayamba kuwakoka chitenje. Ndinali ndi mayankho atatu okonzeka, onse akuthwa. Koma ndinangonena kuti, “Asiyeni amalize, tikumva.” Anamalizadi, ndipo sanandinyengerere ngakhale pang'ono. Nditafika kunyumba ndinakhala pansi n'kuona kuti theka la zimene ananena linali loona. M'mawa mwake ndinatenga ndowa yanga n'kukaima pamzere wa mchenga, kumbuyo kwa a Nabanda.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda mawu. Ndikuthokoza chifukwa cha agogo onenerera amene ndinkawaona ngati chovutitsa, chifukwa cha mayi amene anandiimira osandifunsa kuti ndine yani, ndiponso chifukwa cha amuna anga amene anagonjetsa mantha awo ndi miyendo yawo. Ndikuthokozanso chifukwa cha anthu amene sindidzawadziwa, amene anavutika kale kuti ife lero tikhale ndi malamulo otiteteza tikatsegula pakamwa.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi choonadi chimene chikukulemerani, ndipo akukuuzani kuti munthu wamba ngati inu salankhula. Musathamangire kunena zimene simukuzidziwa, koma zimene mukuzidziwa musazikwirire. Funsani, alipo anthu odziwa malamulo amene angakuthandizeni, ndipo pempherani ngakhale pamene mukuona ngati kumwamba kwatsekedwa. Thandizo lanu mwina lili kale pafupi, likungodikira tsiku lake. Ndipo tsiku limene wina adzaimirire kuti anene zowawa za inuyo, Ambuye akupatseni mphamvu yokhala pansi n'kumumvetsera mpaka amalize. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.